Zosachoka ndi Madzi

Bokosi langa la zophodaphoda ndinalisonkhanitsa chifukwa cha nkhope imodzi. Anthu akandifunsa lero kuti ntchito yophoda akwatibwi ndinaiyamba bwanji, ndimangoti ndinkaikonda kuyambira kale. Koma zoona zake n'zakuti tsiku lina mnzanga wa kusukulu anabwera ku saluni komwe ndinkaluka tsitsi pa boma la Mangochi, anadikira mpaka kasitomala womaliza atapita, kenako anakankhira mpango wake kumbuyo.

"Taona," anatero.

Ndinkadziwa kuti anadzolapo mafuta oyeretsa khungu tili atsikana, chifukwa tinkagula limodzi. Ine ndinasiya msanga poti ankandiyabwa. Koma sindinkadziwa kuti iye anamusiyira zoterezi. Masaya onse awiri anali ndi zigamba zakuda bii ngati kunsi kwa poto. Ndiye chifukwa chake mpango ankaukokera kutsogolo zaka zonsezi, ife n'kumati mnzathu walimbikira Chisilamu.

Anandiuza kuti ndowa yake, ukwati wa kumzikiti, ili mu Okutobala. Mwamunayo zigambazo ankazidziwa ndipo analibe nazo nkhani. Nkhani inali pa amayi ake a mwamunayo, mayi wa bizinesi ya zitenje wodziwika msika wonse kuti pakamwa pake sipadutsa ntchentche. Iwo anali atamusankhira mwana wawo mtsikana wina, ndipo anali asanamuonepo mnzangayu mpango uli kumbuyo. Koma tsiku la ndowa mkwatibwi amakhala pakati pa amayi nkhope ili poyera, aliyense n'kumamuyang'ana mmene akufunira.

"Akaona zimenezi, chaka chitha akundiimba nyimbo," anatero. "Undiphode iweyo, amwali. Sindikufuna munthu wina aone."

"Zochepa zimenezo!" ndinayankha.

Pakamwa panga pamandithamangira nthawi zonse. Tsiku limenelo chuma changa chonse chinali pensulo ya nsidze yotsala ngati chala chaching'ono ndi lipisitiki imodzi yofiira yomwe ndinkapita nayo kutchalitchi.

Ndinayamba ndi mavidiyo a pafoni. Atsikana a m'mavidiyomo amakhala pa tebulo lodzaza mabotolo, akuyankhula mofatsa ngati zinthuzo zimamera kuseri kwa nyumba. Ndinkaonera mpaka bandulo kutha, n'kugwira mutu kuti kodi zonsezi ndizipeza kuti kuno. Komabe ndinatolamo zofunika: faundeshoni yofanana ndi khungu la munthu, konsila yobisira zigamba, paudala, mabulashi, siponji.

Faundeshoni yoyamba ndinagula pamsika. Pa benchi yonse panalibe botolo lakuda ngakhale limodzi, onse oyera ngati akupangira azungu okhaokha. Wogulitsayo anandilumbirira kuti, "Iyi imakwana aliyense, asisi, imatsatira magazi." Ine kupusa, ndinatenga. Ndinakayesera pa mng'ono wanga, ndipo atatuluka panja amayi anaseka mpaka kukhala pansi, akuti mwana wagwera m'chigayo. Mawa lake ndinabwerera kwa wogulitsa uja botolo lili m'manja. Zomwe ndinamuuza sindingazilembe pano, koma mpaka lero akandiona amayang'ana kumbali.

Zakuda zenizeni zinabwera kudzera pa malire a Chiponde. Ndili ndi msuweni wanga woyendetsa njinga yamoto yemwe amawolokera ku Mozambiki kukatenga katundu wa anthu, ndipo khungu lake n'lofanana ndi la mnzanga uja. Ndinamuuza kuti akalowe mushopu ya zodzoladzola azikayesa padzanja lake, yomwe ikasowe pakhungupo ndi yomweyo. Anakana, akuti iye ndi mwamuna. Ndinati, "Chisuweni chatha lero? Ukadzadwala usadzandiitane." Anabwera ndi mabotolo awiri, mkono wonse uli mizeremizere ngati mbidzi, akudandaula kuti atsikana a mushopumo anamuseka m'Chipwitikizi.

Zina zinabwera pang'onopang'ono. Mabulashi anandigulira ku Limbe mayi wina woodetsa katundu wa saluni. Oyamba ankathothoka ubweya n'kuusiya pamphuno ya munthu, achiwiri ndi omwe ndili nawo mpaka pano. Ndinaphunziranso kuti chigamba chakuda sungangochikwirira ndi konsila, chimatulukirabe chotuwa. Pansi pake pamafunika kaye kamtundu ka lalanje. Zimenezo kuno kunalibe, ndiye ndinatenga lipisitiki ya lalanje yomwe ndinaipeza m'thumba la chikwama cha pakaunjika, ndinadula pamwamba pake ndi lezala n'kumagwiritsa ntchito yotsalayo. Bokosi lenilenilo linali la achimwene, losungiramo masipanala. Ndinalitsuka ndi sopo ndi mandimu, ndinayalamo kansalu, basi lasanduka ofesi. Sabata yoyamba ndinalisiya pawindo, ndipo malata athu anandiphikira malipisitiki atatu kukhala phala. Kuyambira pamenepo linkakhala kuseri kwa mtsuko wa madzi akumwa, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti kulikhudza ndi kuputa nkhondo.

Malipisitiki osungunukawo ndi omwe anandiopseza. Aliyense amene anakhalapo ku Mangochi mu Okutobala akudziwa kuti thukuta limayamba munthu asanavale n'komwe. Ndinaona m'maganizo mnzanga atakhala pakati pa amayi, utoto ukutsetsereka m'masaya, apongozi akuyang'ana. Ndinalumbira kuti m'bokosi langa simulowa chinthu chochoka ndi madzi. Faundeshoni, konsila, zopaka m'maso, zonse ndinasankha zosachoka ndi madzi, ndinawonjezera ndi kabotolo kopopera pamwamba kuti zigwire. Tsiku lina ndinadziphoda ndekha masana dzuwa lili paliwombo, ndinakwera kabaza mpaka pa mlatho n'kubwerera, ndinafika kunyumba n'kudzithira kapu ya madzi kumaso. Sizinasunthe. Ndinavina pakhonde, amayi akungopukusa mutu.

Lamlungu lililonse masana mnzanga ankabwera ku saluni, tinkatseka katani n'kuyeserera. Maulendo oyamba zinkakanika, nthawi ina ankaoneka wodwala, nthawi ina wonenepa tsaya limodzi. Tinkaseka, tinkakangana, iye n'kumanditcha sing'anga wabodza. Kenako tsiku lina zinatheka. Anatenga galasi, anayang'ana tsaya ili, anatembenuza linalo, anayang'ananso. Ine mtima unadzaza, ndinasangalala kuposa tsiku lomwe ndinalandira zotsatira za mayeso. Pochoka anatsala pang'ono kuiwala mpango pa mpando.

Tsiku la ndowa ndinafika kwawo m'mamawa bokosi lili pamutu. M'chipinda munali iye ndi azakhali ake okha, omwenso ankadziwa za zigambazo. Ndikutsegula bokosi, mnzanga anati, "Dikira nditawaze kaye."

Ine ndine Mkhristu. Ndinakulira pakati pa Asilamu, azana, mawu oitanira anthu ku swala kumzikiti, ndi yomwe inkandidzutsa popita kusukulu, ndipo ndinkaona anzanga akusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi asanaswali. Koma sindinafunsepo kuti zimayenda bwanji. Azakhali ndi omwe anandimasulira. Potawaza madzi amayenera kukhudza khungu lenileni, ndipo utoto wangawu, womwe ndinkaunyadira kuti madzi sadutsa, ndiye kuti ukutchinga. Choncho mkwatibwi atawaze asanaphodedwe, ndipo akasunga kutawazako mpaka swala ya masana, aswali bwinobwino nkhope ili yophoda.

"Kusunga kwake n'kotani?" ndinafunsa.

"Asapite kuchimbudzi, asagone tulo, asatulutse mpweya," anatero azakhali, nkhope ili gwa.

"Iii! Ndiye nyemba ayi lero."

Mnzanga anandiponyera pilo. Iye zonsezi anali atazilingalira kale, ndipo anati apirira. Anatawaza, ndinamuphoda, ndipo ndinene mosadzichepetsa kuti ntchito ndinaigwira. Azakhali anaimba nthungululu m'chipinda momwemo.

Ndowa itamangidwa anatitengera kwawo kwa mwamuna, komwe kunali phwando. Mkwatibwi anamulowetsa m'chipinda chakumbuyo kuti adikire nthawi yotuluka pagulu. Panja miphika ya mpunga inali pamoto, amayi akuimba, ana akusuzumira pawindo. M'katimo munali ngati mu uvuni. Ine ndinasanduka mlonda. Wabwera wina ndi thobwa, ndabweza. Wabwera wina ndi zakumwa zoziziritsa, ndamwa ndine. Utoto unagwira ndithu, thukuta linkangoima pamwamba ine n'kumalipukuta ndi tishu. Koma dzuwa litakwera ndinaona mnzanga akuyamba kuyang'ana mwachilendo, milomo yauma. Ndinachita mantha kuti akomoka. Ndinamupatsa madzi ndi dzanja langa, anamwa botolo lonse, anapempha lina.

Sipanapite nthawi, anandikoka chitenje. "Amwali," ananong'ona, "zavuta."

"Pirira! Azana ili pafupi."

Anapirira mpaka misozi kulengeza, kenako azakhali anamufunditsa nsalu n'kumuperekeza kuseri kuchimbudzi. Akubwerera chonchi, azana inayamba. Ndinafuna kulira ndi ukali.

"Nditawazenso," anatero mnzanga. "Chotsa."

"Wapenga? Lero lokha, Mulungu samvetsa? Udzaswali mawa kawiri!"

Anandiyang'ana mmene sanandiyang'anirepo. "Tsiku langa loyamba m'banja ndiyambe ndi kudumpha swala chifukwa cha masaya? Chotsa, udzandiphodanso."

Tinakhoma chitseko ndi mpando, azakhali anabweretsa beseni ndi sopo. Ndinapaka sopo, ndinatsuka. Utoto uli pompo. Ndinapakanso, ndinakhula ndi kansalu, wangosokonekera pang'ono pamphumi, kwinako uli nga! Ndinatsegula bokosi langa n'kuyang'ana mabotolo onse aja omwe ndinawasaka miyezi yonseyi. Chilichonse chinali chopakira. Chochotsera munalibe ngakhale chimodzi. Ku saluni kuja mnzanga ankapita kwawo ali wophoda n'kukadzichotsa yekha ndi mafuta odzola, monganso ndinachitira ine tsiku la kabaza lija, koma zoika mafutawo m'bokosi osaganizako n'komwe. Safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo ndinalidya ndithu.

"Mafuta," ndinatero. "Alionse, ngakhale ophikira."

Azakhali anatuluka kupita kumiphika kuti akapemphe mwakachetechete. Tinadikira, mnzanga nkhope ili thovu lokhalokha. Chitseko chitagogodwa ndinachotsa mpando mofulumira, ndikuganiza kuti ndi azakhali. Analowa mayi wamtali wovala zoyera, kapu ya mafuta ili m'manja, azakhali ali pambuyo pawo akundiyang'ana ngati munthu wogwidwa akuba. Sindinafunikire kuuzidwa kuti awa ndi apongozi.

"Ndimati ndione amene akukazinga m'chipinda cha mkwatibwi," anatero.

Ndinagwada. Ndinafotokoza mwachibwibwi kuti mkwatibwi akufuna kutawaza, koma utoto wanga sukuchoka ndi madzi. Ndinatambasula manja kuti ndilandire kapu, ndikuyembekeza kuti atuluka. Sanatuluke. Anatseka chitseko okha, anakhala pa bedi pafupi ndi mnzanga, anatenga thonje m'bokosi langa osapempha n'kuliviika m'mafuta.

"Bwera kuno," anamuuza.

Mnzanga anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi, ndinalibe chomuthandiza nacho. Apongozi anamugwira chibwano n'kuyamba kupukuta pamphumi, pamphuno, kenako patsaya. Konsila inachoka, lalanje lija linachoka, chigamba chinatuluka chonse. Dzanja lawo linaima. Panja nyimbo zinkamveka. Anatenga thonje lina, anapukuta tsaya linalo pang'onopang'ono mpaka kumaliza.

Ndinadikira mawu aja odziwika msika wonse. Ndinali nditakonzeka kuyankha, apongozi kapena ayi, ngakhale andithamangitse pa ukwatipo.

Iwo anaika kapu pansi, anamasula kapini pansi pa chibwano chawo n'kukankhira mpango wawo kumbuyo. Kuyambira pafupi ndi khutu mpaka pakati pa tsaya panali chigamba chakuda, chachikulu kuposa cha mnzanga, ndipo mbali inayo chimodzimodzi.

"Tawaza uswali, nthawi ikutha," anamuuza. Kenako anatembenukira kwa ine. "Inu amwali, mukathana naye mwana wangayu musatseke bokosi lanulo. Inenso ndili ndi alendo panjapa."

Mnzanga analira mokweza, mutu uli pa phewa la apongozi ake. Tsiku lonse ndinkamuletsa kulira, koma apa ndinamusiya. Kumaso kunalibe choti chiwonongeke.