Tsiku Limene Anandichita Kikiauti

Analipo tsiku limenelo ndi awa: aphunzitsi ndi ndodo yawo ya nsungwi, amayi anga, amene ankazira khonde la tchalitchi momwe tinkaphunziriramo, amalume atakhala pansi pa mango pomwe pankalendewera chitsulo cha njanji, belu lathu, ana onse a kalasi, ndi ine mwini nkhani.

Chilimwe chimenecho, thonje litatha kukololedwa kwathu kufupi ndi Nsanama, amalume ananditengera kujando amayi asakufuna. Ndinatulukako ndi mpala, thupi likunyezimira mafuta a nsatsi, ndiponso dzina latsopano. Akuluakulu a kujandoko anatilamula kuti dzina laubwana latsala kuthengo, wokuitana nalo usamuyankhe.

Aphunzitsi anali mlendo wa ku Ntcheu. M'mawa wa tsikulo anayamba kuitana mayina, nafika pa langa lakale. Ine duu. Anaitananso, akundiyang'ana m'maso. Ine maso kudenga, kuwerenga mapaso. Munthu wamkulu ngati ine!

"Kodi wagontha?"

"Iyayi aphunzitsi, amene mukumuitanayo kulibe."

Ana anaseka mpaka kugwa pa njerwa zokhalira. Aphunzitsi anati ndisankhe, dzina kapena sukulu. Ndinasuzumira panja, amalume anandigwedezera mutu. Ndinasankha dzina.

Koma mphunzitsi ndi mphunzitsi, ngakhale mkwiyo wake amaphunzitsa nawo. Anandigwira khutu, nandiimika kutsogolo. "Tamverani Chingerezi! Munthu akatuluka mwa kufuna kwake, ndi go auti. Akatulutsidwa ngati mbuzi m'munda wa chinangwa, osadzabweranso, ndi kiki auti. Nenani nonse!"

"Kiki auti!"

"Mokweza!"

Anaimba mpaka njiwa zinathawa padenga. Ine ndinatuluka pang'onopang'ono, chifuwa patsogolo. Ndipo mumve bwino: phazi la munthu silinandikhudze. Anzanga aja mawuwo anangowaloweza, ine ndinawaphunzira ndi khutu langa ili.

Amalume anandigwira dzanja ngati mnzawo, nati, "Wakula." Amayi sanadzutse mutu. Anangopitiriza kuzira malo amodzimodzi, dothi likuuma m'manja. Ine ndinkayesa kuti kunyada kwawatsekera pakamwa. Kusukulu sindinapondekonso.

Dzulo ndinapatsa mwana wanga pepalali, limene mnzanga anandilembera ine ndikumuuza, kuti aone mmene abambo ake anagonjetsera mphunzitsi. Anawerenga, nafika pansi pomwe ndinasaina ndekha, nalitembenuza uku ndi uku.

"Bambo, dzina munasiyira sukulu lija ndi limeneli? Bwerani ndikusonyezeni kalembedwe kake."