Mabuku a m'Mwadiya wa a Lorenso

Tsiku loyamba kukumana ndi a Lorenso ndinali ndi dengu la milamba yowamba, ndikuwoloka Shire kupita ku Bangula. Mwadiya wawo unali wodzaza ana a sekondale, iwo ali kumbuyo ndi nkhafi, akudzudzula mtsikana wina: "Wanama iwe! Mkazi ujatu sanathawe, anachita kumupirikitsa alamu ake!" Ndinkayesa akunena za kwathu ku Mlolo. Inali nkhani ya m'buku.

A Lorenso sanapondeko m'kalasi. Koma ana amene ankawawolotsa ankawerenga mokweza mabuku a nkhani ndi ndakatulo, aja amati litilecha, ndipo mkuluyu anawameza onse ndi makutu.

Chaka china kunamveka kuti phunziroli tsopano n'lochita kusankha. Aphunzitsi aakulu anati ana a Folomu 3 akapanda kukwana khumi ndi awiri pofika Lachisanu, litsekedwa. Lolemba analembetsa awiri okha, Thandizo mdzukulu wa a Lorenso ndi mnzake. Enawo ankati mabuku ake achulukitsa.

"Agogo, lathatu basi," anadandaula Thandizo m'mwadiya.

"Khazikika, ungatigubuduze," anatero iwo.

Lachiwiri m'mawa, tili pakati pa mtsinje, anaiyamba nkhani ya mkazi wamasiye uja, mawu n'kumasinthasintha, pena a nkhalamba, pena a mlamu wadyera. Mvuu inafwenthera chapafupi koma palibe anacheuka. Pamene wamasiyeyo ankatsegula chitseko, mwadiya kuti gu! padooko.

"Ndiye anapezamo ndani?" anafuula anawo.

"Kafunseni buku. Ine ndine wa nkhafi."

Lachitatu anayamba ina, naidulanso pokoma. Ana anachonderera, anakwiya, koma mkulu uja pakamwa kuti tseke.

Lachisanu masana Thandizo anatsetsereka kudooko akuthamanga: "Agogo! Khumi ndi anayi!" A Lorenso anavina m'mwadiya momwemo mpaka nkhafi inagwera m'madzi, tonse n'kumaisaka m'mabango tikuseka.

Atakalamba, maso anachita khungu. Thandizo, amene tsopano anali mphunzitsi, ankabwera Loweruka kudzawawerengera pakhonde. Tsiku lina ndinalipo. Poona ngati akusinza, iye anatembenuza masamba awiri pamodzi kuti afulumire.

"Bwerera," anatero a Lorenso, osadzutsa n'komwe mutu. "Wasiya pamene alamu aja akubisa khasu."