Mpango Kumaso Pamlatho wa Bulugamu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene wailesi yakanema inafika m'mudzi mwathu, kufupi ndi Ndunde. Anaigula ndi aphunzitsi a Sitima, ndipo inkayaka ndi batire ya galimoto. Loweruka masana ankatsekula chitseko, anafe n'kuunjikana pakhonde, makosi ali tolotolo.

Panali masewero ena amene dzina lake sitinalidziwe, ndipo mpaka lero sindinakumanepo ndi munthu wowakumbukira. Anthu ankapikisana awiriawiri pachilumba china: kukwera zingwe, kukwawa m'mapanga, kufufuza makiyi m'matope. Tsiku lina anamanga mwamuna wina nsalu kumaso, n'kumuimika pathabwa lopapatiza pamwamba pa phompho. Mkazi wake anaima tsidya, n'kumamuuza poponda. Mwamunayo atawoloka, tinakuwa mpaka nkhuku za aphunzitsi zinabalalika.

Nditafika kunyumba ndinafotokozera amalume anga, a Mulipa. Iwo maso anafa ndi chikuku ali mwana, ndipo ine ndi amene ndinkawagwirira ndodo popita kutchalitchi ndi kudimba. Ntchitoyi ndinkadana nayo. Ndinkawakoka mwaliwiro, ndipo akapunthwa ndinkangoti, "Panali mwala."

Anamvetsera nkhani yonse, kenaka anafunsa, "Mkaziyo amakuwa?"

"Ayi, amayankhula pang'onopang'ono."

"Amamuuza asanaponde kapena ataponda kale?"

Ndisanayankhe, iwo anadzuka.

"Katenge mpango wa amayi ako, tipite kudimba."

Popita kudimba tinkawoloka mtsinje pamtengo umodzi wa bulugamu. Mvula inali itagwa dzulo lake, ndipo madzi ofiira ankathamanga pansi pake. Titafika, amalume anandilanda ndodo, n'kuwoloka okha, osaima ngakhale pamodzi. Ndinayasama. Ndinali ndisanawaonepo akutero.

"Manga kumaso, mphwanga," anatero ali tsidya. "Vula patapata, phazi limve mtengo."

Nditamanga, mkokomo wa madzi unakula ngati mtsinje wandilowa m'mutu. Ndinamva fungo la matope ndi la masamba owola.

"Ponda katatu. Kachinayi pali mfundo, uidumphe."

Ndinaponda katatu, ndipo chala changa chinakhudza mfundo ija, pomwepo pamene ananena.

"Wapendekera kumanzere, mtengo ukulira. Bwerera pakati. Pumanso, wasiya kupuma."

Ndinalidi nditasiya kupuma. Ndili pakati phazi linaterereka, ndipo ndinakuwa. Mawu awo sanasinthe ngakhale pang'ono. "Khala pansi, ugwire mtengo. Khungwa linasupuka pamenepo, kutsogoloku kuli bwino. Ukakonzeka udzuke." Ndinakhala kanthawi ndikulira, iwo osandifulumizitsa. Kenaka ndinadzuka, n'kumatsata mawu awo mpaka dzanja lawo linandigwira pamkono.

Nditamasula mpango ndinawayang'ana ngati mlendo. Munthu amene ndinkamukoka ngati mbuzi anali atandiwolotsa ndi makutu okha.

"Amalume, nanga ndimakugwirirani ndodo chifukwa chiyani?"

Anaseka. "Mlatho susuntha, mphwanga. Njinga ndi ng'ombe ndiye zimasuntha. Pamenepo ndi pamene ndimafuna maso ako, koma iwe umandibwereka dzanja lokha."

Pobwerera ndinawoloka maso ali poyera, komabe amalume ndi amene anali patsogolo.

Lero ndine namwino, ndipo amalume anatisiya kalekale. Ndikafika pabedi la wodwala amene akunjenjemera ndi mantha, sindimugwira ndisanayankhule. Ndimamuuza chimene chikubwera, pamene pati papweteke, ndi pamene ululu uti uthere, kenaka ndimadikira kuti akonzeke. Ndinazindikira mochedwa kuti munthu amene ali m'mantha amapirira zambiri, bola pakhale wina womuuza zoona nthawi idakalipo.