Mazira a kuseri kwa nkhokwe

Ndikamva fungo la dzira lowiritsa, mtima umabwerera kuseri kwa nkhokwe yathu, tawuni ya Lichinga ikadali kutchedwa Vila Cabral. Kumeneko ndinapeza amayi m'mawa wina wachifunga, akusenda dzira lotentha, makoko akukwirira ndi phazi. Ndinati ndagwira mbala, poti masiku onsewo mazira akasowa tinkanamizira agalu. Ndinathamanga kukauza azakhali.

Anafika ali wefuwefu. "Alamu, mkazi sadya mazira! Mukufuna mudzabereke mwana wadazi?"

Amayi anathira mchere, n'kudya azakhali akuona.

"Ndaika ana awiri m'manda, mazirawo ndisakudya," anatero. "Anamwino akuti magazi andichepera, ndiyambe ndalimbitsa thupi ndisanatenge pakati pena. Dazi ndipirira, alamu. Manda achitatu ayi."

Chaka chonse anadya mazira, nyemba ndi usipa wa ku Meponda, anzawo akuwanena pamtondo. Ine ndinkachita nawo manyazi.

Mlongo wanga Yohane anabadwadi wopanda tsitsi ndi limodzi lomwe, azakhali n'kumati, "Sindinanene?" Lero Yohaneyo ali ndi zidzukulu. Amene ndinawayesa mbala aja ankamenyera moyo wa mwana asanakhale n'komwe m'mimba.