Anachisale ndi Chikho cha Mgonero

Ndikakumbukira chisanu cha ku Mamelodi, m'Joni muno, ndimaona utsi wa malasha utakuta nyumba zamalata m'mawa, ife tikuthamangira ku galaja kumene Amalawi tinkapemphererako Lamulungu. M'katimo munkanunkha palafini ndi majuzi okhalitsa m'katoni. Ndinali ndisanathe msinkhu, ndipo chaka chimenecho ndi chomwe Anachisale anabwera kudzalapa.

Panalibe wosawadziwa. Anasiya ntchito ya m'nyumba ku Garsfontein n'kukakhazikika ku shabini, ndipo mabanja ena a mumpingo mwathu anagwedezeka chifukwa cha iwo. Tsopano anabwera atawonda, akutsokomola, akuti Yesu wawaombola ndi mwazi wake. Amayi anga sanazimve zimenezo. Ankati njoka imafundula khungu koma mano ndi omwewo, ndipo wothamangira kwa Mulungu manda atayandikira amangofuna oimba pamaliro ake. Anafe tinatengera pomwepo. Anachisale akatsinzina popemphera, ife tinkatong'ola maso kuti tione ngati akusuzumira amuna a eni. Sitinawagwirepo, koma tinkati n'kuchenjera chabe.

Zinavuta pa Mgonero, poti chikho chinali chimodzi ndipo matenda aja tinkawaopa ngakhale kuwatchula. Azimayi anapangana kuti Anachisale akhale kumbuyo kwenikweni, amwe omaliza. Iwo anakhala komweko osadandaula. Koma mwambo wathu unali wakuti zotsala m'chikho amamaliza ndi mkulu wa mpingo. Mkulu wathuyo, Abambo Mbewe, amene ankagwira ntchito ya m'dimba ku Montana, analandira chikhocho m'manja mwa Anachisale, osapukuta n'komwe, n'kugugudiza.

Mwina mukuganiza kuti tinachita manyazi. Ayi. Tisanafike pokwerera teksi, manong'onong'o anali atayamba kale. Amayi anakoka mnzawo chitenje n'kunena kuti, “Eish, Amayi, munthu saopa dothi la kwawo. Abambo ajatu chilipo chimene akudziwa.” Anachisale anamwalira mvula isanagwe. Tinawaimbira, ndipo pobwerera Amayi anati chimene ankafuna chija achipeza.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo mpaka lero za mumtima mwa Anachisale sindizidziwa. Kaya analapadi, kaya anali mantha. Koma chaka chatha ndinaika mwana wanga wamkazi. Nayenso anayenda njira zake m'Joni muno, nabwerera kutchalitchi thupi litatha, anthu akukodolana. Ali pamphasa anandigwira mkono n'kundifunsa kuti, “Amayi, kodi andilandira, poti ndachedwa chonchi?”

Ndinamuuza kuti amene anamufera anafa iye asanachimwe n'komwe, ndiye za kuchedwa palibe. Ndinayankha msanga, koma m'mene ndinkayankhamo ndinadziwa kuti mlandu wa anthu awiriwa ndi umodzi. Ngati mwazi uja unakwanira Anachisale, wakwaniranso mwana wanga. Ngati Amayi anga ankanena zoona, ndiye kuti ine ndilibe pogwira.