Timatumba Tiwiri M'mimba mwa Nsomba

Kalabu yathu yoweta nsomba ku Likoswe inasankha ine kupita kumaphunziro ku Njuli. Tsiku limene alangizi anatumbula nsomba kuti aonetse mazira, ine ndinali nditazemba kukasaka tayala la njinga. Nditabwerera kumudzi ndinauza anzanga kuti zonse ndazigwira.

Patapita miyezi, mayi Namaona, amene amathira madeya m'damu lathu, anatumbula nsomba yaing'ono n'kupezamo timatumba tiwiri todzaza tinthu toyera ngati mchenga.

"Bambo Makwinja, izi n'chiyani? Paja wophunzira ndinu."

Kunena kuti sindikudziwa kunandikanika. "Amenewa ndi matenda," ndinatero, ndikupukusa mutu ngati dokotala. Tinatumbula zina ziwiri zazing'ono, nazo chimodzimodzi. Ndinalamula kuti zazing'ono zonse zichoke zisanapatsire zikuluzikulu. Matendawo sanatiletse kuzikazinga, ndipo ine ndinadya zinayi.

Inatha miyezi itatu m'damu musanaoneke kamwana ngakhale kamodzi. Alangizi atabwera anakoka ukonde n'kuyang'ana nsomba imodziimodzi.

"Zonsezi n'zazimuna. Zazikazi zinapita kuti?"

Mayi Namaona anafotokoza za timatumba tija.

"Amenewo anali mazira osakhwima," anatero alangizi. "Amayamba ang'onoang'ono, oyera, kenako amakula n'kusanduka achikasu. Zimenezi ndinaonetsa ku Njuli."

Maso onse anagwera pa ine. Ndinati mwina tsikulo ndinakhala kumbuyo kwambiri. Za tayala sindinauzepo munthu mpaka lero. Nalonso linaphulika mwezi usanathe.