Ndinagenda mbalame imene bambo ankaidikira

Inu owerenga, ine ndinalakwira bambo anga ondibereka, ndipo ndinawalakwira ndi chibuma chimodzi chokha chadothi.

Kwathu ndi cha ku Thambani, m'boma la Mwanza. Bambo ankakonda kunena za mbalame ina imene anaiona kawiri kokha moyo wawo wonse, padambo la kumunsi kwa mudzi wathu: koyamba ali mnyamata, kachiwiri nthawi imene anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anadzaza kuno. Ankati ndi yotuwa, yaitali kufika m'chifuwa mwa munthu wamkulu, ndipo mlomo wake ndi waukulu ngati nsapato. Panalibe wina amene anaionapo. Anthu ankati mkuluyu anaona nantchengwa atalawa kachasu, chonsecho bambo mowa sankaukhudza n'komwe. Nanenso, mwana wawo, ndinkaseka nawo.

Tsiku lina m'mawa, nyengo ya madimba, ndinatsikira kudambo kukathirira mpiru. Ndikuti ndiwerame nditunge madzi, ndinaiona. Inali chiimire m'mphepete mwa bango, phee, ngati yosema. Kukongola kwake sindingathe kukufotokoza bwino. Nthenga zake zinali zosalala ngati phulusa losefa, maso ake odekha, akundiyang'ana mopanda mantha. Kenaka inagwetsa mutu m'madzi kamodzi kokha n'kuvuula mlamba wathunthu. Ndinaiwala zoti ndabwerera mpiru. Bambo sananame ngakhale pang'ono.

Kuchoka pamenepo kukafika pakhomo pa bambo si patali, ukakwera pachulu n'kukuwa amamva. Koma mtima unandiuza zina. Amuna anga amayendetsa thiraki, ndipo sabata imeneyo anali atadutsa pachipata cha Mwanza kupita ku Beira. Kwathu kuno chinthu chachilendo chikakuonekera uli wekha timati ndi malodza, ndipo ndinaopa kuti ndikachitchula pakamwa, ngozi ichitikadi kumsewuko. Ndinatola chibuma n'kuigenda. Inatambasula mapiko ake akuluakulu, n'kunyamuka mosapupuluma kulowera kumapiri a kumalire.

Ndinatseka pakamwa sabata yathunthu. Amuna anga atabwera ali bwinobwino, ndinapita kukaulula kwa bambo, ndikuyembekezera kukalipiridwa. Iwo nkhope inangowala, n'kuyamba kundifunsa za maso ake, za miyendo yake, ndi mmene inagwirira nsomba ija. Anandibwerezetsa kawiri konse. Pomaliza anati, "Ndiye kuti ikadalipo. Koma mwana wanga, ukanangondikuwira. Ndikanabwera ndi anthu awiri okha, adzaone."

Kuyambira tsiku limenelo ankatsikira kudambo m'mawa uliwonse ndi ndodo yawo, miyendo ikuwawa choncho, mpaka mvula inagwa. Mbalame sinabwerenso. Bambo anatisiya chaka chotsatira. Lero ndikamauza anthu kuti ndinaiona ndi maso angawa, amangomwetulira n'kunena kuti mwana sangalephere kuikira kumbuyo kholo lake. Zimandipweteka kwambiri.

Abale anga, si chachilendo chilichonse chimene chimabwera ndi maliro. Zina ndi zolengedwa za Mulungu zochokera kutali, zimangodzapuma padambo pathu n'kumapita. Mukaona chotere manja akhale pansi, itanani anzanu adzaone nawo. Ndipo wamkulu akamanena zimene inu simunazione, musafulumire kuseka. Ine ndimathirirabe mpiru padambo lomwelo, ndipo ndisanatunge madzi ndimayamba ndayang'ana kubango. Ikadzabwera ndidzakwera pachulu paja n'kukuwira mudzi wonse, koma amene ndinkayenera kuwakuwira kulibe.